Kwa mng'ono wanga wa ku Ndirande

Mng'ono wanga wokondedwa,

Liwu ndayambira nalo linanditengera zaka kuti lituluke pakamwa panga. Tikukula ndinkakutcha mlongo, monga mkazi amatchulira m'bale wake wamwamuna. Lero ndikuti mng'ono, ndipo ndalemba poyera kuti a kwathu onse amve.

Unandiuza pa foni kuti wasiya kumwa PrEP, mankhwala oteteza ku HIV aja, kenako unaseka ngati nkhani yaing'ono. Ine sindinagone.

Sindikukudzudzula ayi. Ndikukumbukira zimene unandisimbira: namwino kutsegula buku lako la kuchipatala, kukuwa dzina lachimuna lija, iwe n'kuimirira uli m'chitenje ndi ndolo, benchi yonse n'kutembenuka. M'chipinda muja anaitana anzake, amvekere, bwerani mudzaone. Wina anakufunsa ngati umapemphera. Unapitira mankhwala, unabwerako ndi ulaliki. Ndikanakhala ine, mapazi anga sakanapondakonso.

Ndipo mantha ako ali ndi pogwira. Gawo 153 la malamulo a milandu, loletsa kugonana kumene amati n'kosemphana ndi chilengedwe, likadalipo, chilango chake mpaka zaka 14 kundende. Tiwonge Chimbalanga anampatsa zaka zomwezo mu 2010, Bingu wa Mutharika asanamukhululukire. Jana Gonani anagamulidwa zaka 8 ku Mangochi mu 2021, ndipo atakadandaula, khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pa 28 June 2024. Tsono kuti a chipatala akupatse PrEP, amayamba akufunsa kuti umagona ndi ndani, motani. Ndani angaulule kwa mlendo chinthu chimene anzake anamangidwa nacho? Amene amalemba ndondomeko zothetsa Edzi ku Lilongwe andiyankhe funso limeneli.

Kanyumba ka bungwe kaja, kumene ankakuitana dzina limene unasankha wekha, kanatsekedwa boma la America litaimitsa thandizo kumayambiriro kwa 2025. Kumeneko n'kumene unkapeza makondomu ndi mafuta oterereka popanda wokuyang'ana chamseri. Chonde usabwerere ku Vaseline, amaboola kondomu.

Palinso ija unanong'ona pomaliza, yoti anzako akuti PrEP imafooketsa mankhwala a mahomoni. Ndi bodza. Ziwirizi zimamwedwa limodzi, ndipo thupi limene walivutikira silibwerera m'mbuyo. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'choti mahomoniwo umagula mobisa, popanda dokotala wokuyeza magazi, ndiye zoona ndi mphekesera umazimvera malo amodzi, pa WhatsApp. Ngati mapiritsi a tsiku ndi tsiku akutopetsa, alipo jakisoni wobaya pa miyezi iwiri iliyonse; tikafunse ngati akadali naye. Ndipo kondomu ikaphulika, kapena wina akakugwirira, pali PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwa zitachitika kale, koma uyambe maola 72 asanathe, n'kumwa masiku 28. Usayambe wadikira kuti manyazi athe.

Bambo sanasinthe maganizo, usadzinamize. Mayi satchula kanthu, koma akamapatula ufa amaikanso thumba lako.

Palibe lamulo loletsa chipatala kukupatsa mankhwala. Lolemba ndikwera minibasi yoyamba kuchokera ku Balaka, ufa uli pamiyendo. Usavale buluku chifukwa cha iwo, vala chitenje chako chobiriwira chija. Akaitana dzina limenelo, tiimirira tonse awiri.

Ndine,
Mkulu wako