Kwa Eni Kulibe Mkuwe

Munthu woyendetsa zokuzira mawu ali ngati mchere wa m'ndiwo: amakumbukika pokhapokha zikalakwika. Mnyamata wina wa ku Dedza, yemwe adakhala zaka zingapo ku Etwatwa, kufupi ndi Daveyton, adaikonda ntchitoyi pa chifukwa chomwechi. Ankakhala kuseri kwa tenti, maso ali pa mikisa, popanda womufunsa za kwawo.

Zolakwa adachita zambiri. Pa ukwati wina adaimika sipika kumbuyo kwa mkwati, ndipo mawu otuluka m'sipikamo adalowanso m'maikolofoni, nazungulira choncho mpaka kulira ngati nkhumba ili pampeni. Tsiku lina magetsi atathima, monga ankachitira kawirikawiri kumayambiriro kwa 2008, adalumikiza zipangizo zonse ku jenereta yaing'ono yomwe amayi ophika ankawiritsiranso madzi, ndipo ampulifaya idafuka utsi abusa asanafike pa ameni. Zoterezi zimatha ndi kupepesa, zikavuta kudulidwa malipiro.

Cholakwa cha mwezi wa June chaka chomwecho chidali cha mtundu wina. Mu May, chipwirikiti chothamangitsa anthu obwera, chomwe chidayambira ku Alexandra, chidafalikira mpaka ku East Rand, ndipo anthu 62 adaphedwa m'dziko lonselo. Ena ankaimitsa munthu pamsewu n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu. Wolephera kunena kuti indololwane adziwiretu kuti zake zada. Mnyamatayo adaliloweza liwulo, nasiya kuyankhula Chichewa ngakhale m'chipinda mwake. Pajatu kwa eni kulibe mkuwe.

Loweruka limenelo kudali maliro, ndipo tenti idatseka msewu wonse monga amachitira kumeneko. Maikolofoni yopanda nthambo itayamba kudukiza mawu, iye adaitenga, nasintha batire, naiika m'thumba la jekete podikira kuti nyimbo ithe. Kotsitsira mawu pa mikisa sadakukhudze. Aliyense wodziwa ntchitoyi amayamba watsitsa mawu asanagwire china chilichonse, ndipo iyenso ankadziwa. Kenaka foni idanjenjemera. Adali amayi ake, akuimba pa foni yobwereka ku Linthipe, atamva pawailesi kuti ku Joni akupha anthu.

"Amayi, musalire," adatero atatembenukira kumpanda. "Ndili bwinobwino. Kuno palibe akudziwa kuti ndine wa ku Malawi. Ndalama ya malata nditumiza mwezi ukatha."

Nyimbo idali itangotha kumene. Mawuwo adatuluka m'masipika onse anayi, omveka bwino kuposa ulaliki wonse wa m'mawawo. Anamalira sankadziwa Chichewa, koma dzina la dziko silifuna womasulira. Mitu idatembenuka. Pamene chala chake chinkafika pa mikisa n'kuti madzi atatayika kale, ndipo mumtima adayamba kuyeza mtunda wa kuchoka pamene adaima kukafika pokwerera minibasi.

Mayi wina adayambitsa nyimbo ina mokweza, mwina mwadala, mwina ayi. Ili mkati, mkulu wina wa imvi adadzuka pampando, nayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yake kulunjika kuseri kwa tenti. Mnyamatayo adangoti kakasi.

"Ku Malawi kwake kuti, mwanangu?"

Chichewa chake chidali chadzimbiri, chosakanikirana ndi Chizulu. Adali mtchona. Adabwera kumigodi ndi Wenela Kamuzu asanaimitse ulendowo mu 1974, ndege itagwa ku Francistown. Adakwatira konko, osabwereranso. Anansi ake ankamudziwa ndi dzina la Chizulu, ndipo ena mwa adzukulu ake adali m'tenti momwemo.

Asanapitirize, mkuluyo adaloza thumba la jekete ndi ndodo.

"Chinthu chakocho wazimitsa?"

"Ndazimitsa, agogo."

"Onanso."

Adaonanso. Apo m'pamene mkuluyo adakhala pa bokosi losungiramo nthambo, natsamira ndodo yake, nafunsa chapansipansi ngati ku Dedza kumazizirabe m'mwezi wa June, ngati amalimabe kachewere. Kutsogolo abusa adali atakweza dzanja, kuitanitsa maikolofoni.