Wailesi yathu ndi aphungu amene sitiwadziwa

Usiku wa pa 29 Ramadhan, kuno ku Kaliyeka, tikatha futari palibe amene amatalikira wailesi. Agogo amakweza Radio Islam, ana n'kuti zii, tonse kudikira kumva ngati mwezi waoneka. Mawa ndi Eid kapena tisalanso? Sitidaganizepo kuti wailesiyo imalankhula chifukwa ili ndi chiphaso, ndipo chiphaso chimatha kulandidwa.

Tidazindikira izi m'kalasi ya Fomu 3 titamva za 2022. Chaka chimenecho bungwe la MACRA lidalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsira mawu, kuphatikizapo Rainbow TV, ponena kuti sizidalipire. Eni ake ankadandaula kuti malipirowo amawerengedwa m'madola, pomwe kwacha inali itangogwa ndi 25 peresenti mu Meyi. Ngongole ndi ngongole, Asilamufe timadziwa kulemera kwake. Komabe tidafunsana: nanga MACRA amaifunsa ndani?

Yankho lili mumzinda mwathu momwemuno, ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre. Kumeneko kuli komiti ya aphungu yoona zofalitsa nkhani ndi mauthenga. Komitiyi sipereka chiphaso, sitsekulanso wailesi yotsekedwa. Mphamvu yake ndi kuitana akuluakulu a MACRA, a MBC ngakhale a ku unduna kuti akhale pansi ayankhe mafunso. Imaunikanso mabilu okhudza nkhanizi, kenako n'kukapereka lipoti kwa aphungu onse.

Kunena zoona, zinthu kumeneko zimayenda ngati bilimankhwe. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma aphungu adalivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika adasainira mu Febuluwale 2017, koma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Amene anali mu Fomu 1 pomwe linkadutsa anali atafika Fomu 4.

Chidatichititsa manyazi n'chakuti m'kalasi monse palibe adatha kutchula phungu ndi mmodzi yemwe wa komitiyi, chonsecho mtengo wa bandulo ya intaneti timaudandaula tsiku ndi tsiku.

Ndiye talemba kalata yopita ku komitiyo, yokhala ndi mafunso awiri: la malipiro a ziphaso za mawailesi a zipembedzo ndi a m'madera, ndi la mtengo wa bandulo kwa ophunzira. Tikupempha makolo athu ndi a komiti ya mzikiti kuti muiwerenge kaye, mutikonze pomwe talakwitsa. Idzakhala pa tebulo pakhomo la mzikiti Lachisanu likudzali ikatha swala ya Jumu'ah, Insha Allah, pamodzi ndi cholembera.