Minibasi ya bambo inathera pansi pa mtengo wa mango

Bambo atadwala sitiroko mu 2022, minibasi yawo, Toyota Hiace ya dizilo imene inkayenda pakati pa Limbe ndi Bangwe, tinaiimika kuseri kwa nyumba pansi pa mtengo wa mango. Amalume anati tipeze dalaivala wina aziyendetsa, koma amayi anakana. Anati madalaivala aganyu amabweza galimoto itatheratu, ndalama osaoneka.

"Ikhale pompo. Abambo ako akachira adzaipeza ili bwino."

Palibe anatsutsa, chifukwa kutsutsa kukanamveka ngati kunena kuti bambo sachira.

Ntchito yoiyang'anira inagwera ine mwana woyamba. Ndikabwera pa holide kuchokera ku Zomba, ndinkaitsuka, kuiliza mphindi zisanu, n'kuzimitsa. Ndinkadziona ngati mwana wosamala kwambiri.

Patatha chaka ndi theka fizi inativuta, ndipo tinagwirizana zoigulitsa. Tsiku limene wogula woyamba anabwera, ndinapotoza kiyi, galimoto ili zii. Tinati tiikankhe, anyamata anayi, koma sinasunthe. Wogulayo anatsanzika mwaulemu, sanabwerenso.

Makaniko amene ankaikonza kale ataifufuza anapukusa mutu. "Mwana wanga, galimoto imeneyi mwaipha ndi chifundo," anatero.

Anayamba ndi batire. Batire yabwino imaonetsa mavoti 12.6 pa mita, koma imatha yokha pang'onopang'ono ngakhale galimoto isakuyenda, ndipo ikakhalitsa ili yotsika siigwiranso moto. Sitata imadya magetsi ambiri poliza injini, ndipo mphindi zisanu sizibweza magetsiwo. Ndiye kuti kuliza kwanga kuja kunali kuimaliza. Injini ikapanda kutentha mokwanira, chinyezi chimatsalira mu oyilo ndi m'paipi ya utsi, dzimbiri n'kuyamba.

Chimene chinatilepheretsa kukankha chinali handibuleki. Ndinaikoka tsiku loyamba lija, ndipo inakhala chikokere mvula yonse, kuphatikizapo ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mabuleki akumbuyo anamatirirana ndi dzimbiri. Matayala anali ataphwa, mbali yokhudza pansi itaphwatalala, m'mphepete mutang'aluka. Thanki tinaisiya ndi dizilo wochepa, choncho mpweya wachinyezi unasanduka madzi m'katimo.

Chomaliza chinandichititsa manyazi. Injini ya Hiace ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo ine sindinatukulepo mpando ngakhale kamodzi. Makoswe anali atamanga chisa pamenepo, mango akugwa pafupi, n'kumadya mawaya ngati ndiwo. Masamba anatseka modutsa madzi kunsi kwa galasi lakutsogolo, chitsulo n'kuyamba kudyeka.

Zonsezi zinatipeza kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya atakwera mtengo chifukwa pafupifupi onse amachokera kunja. Ndalama yokonzera tinalibe. Tinaigulitsa momwemo, pa mtengo umene amayi mpaka lero safuna kuutchula.

Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti m'makomo mwa ambiri a ife muli galimoto yotere. Mwiniwake ali ku Johannesburg, kapena akudwala, kapena anatisiya ndipo achibale sanagwirizanebe. Timaiphimba ndi tenti n'kumati tikusunga chuma. Maganizo anga ndi akuti galimoto yoima sisungika yokha. Pali njira zitatu basi: muziiyendetsa, muikonzekeretse bwino musanaiimike, kapena muigulitse ikadali ndi mtengo.

Ngati mungathe, muziiyendetsa pamsewu theka la ola pa milungu iwiri iliyonse, injini itenthe, mabuleki agwire ntchito. Izi zikufuna kuti inshuwalansi ndi COF zikhale zisanathe. Ngati simungathe, sinthani oyilo musanaiimike, dzazani thanki, chotsani waya wa negetivu pa batire, popani matayala kapena ikwezeni pa zitsa kuti asanyamule katundu. Handibuleki musakoke, isiyeni m'giya, muike miyala kumatayala. Iimikeni pouma, patali ndi mitengo ya zipatso ndi udzu wautali, ndipo muzisuzumira ku injini kuona ngati kwabwera alendo. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama yochuluka. Ine zinandidutsa chifukwa sindinafunse, ndinkaganiza kuti mwana wa ku yunivesite sangalephere kusunga galimoto yongoima.

Koma njira yachitatu ija ndi imene imativuta, ndipo vuto lake si la makaniko. Kwathu minibasi ija tinkaisunga kuti tisavomereze zimene dokotala anali atatiuza kale.

Tsiku limene anabwera kudzaikoka, bambo anali pakhonde pa mpando wawo. Malankhulidwe awo ndi ovuta tsopano, koma ndinawamva bwinobwino. Anandikodola ndi dzanja limene limagwira ntchito.

"Bwanji simunandifunse?"

Anayendetsa minibasi zaka zambiri. Za batire, za handibuleki, za makoswe, ankazidziwa zonse. Ankaiona ikutha tsiku ndi tsiku kuchokera pawindo, ife tikuwabisira nkhani yake poopa kuwakhumudwitsa, iwonso ali chete poopa kutikhumudwitsa ife.