Kanyali ka Kuseri kwa Sitolo

Masiku amene boma lathu linkatchedwa Kasupe, dzina la Machinga lisanamveke, ndipo Balaka, amene anadzaima payekha mu 1998, adakali kamzinda ka fumbi kodalira sitima ndi thonje, bambo anga ankasoka pa khonde la sitolo ya Mmwenye pafupi ndi siteshoni. Ndipo ine, pokhala mwana wachisamba, ntchito yanga inali yowaperekera nsima dzuwa likafika paliwombo. Amwenye ambiri a m'dziko muno anali Asilamu, koma banja limeneli linali la Chihindu, lochokera ku Gujarat, losadya ng'ombe ngakhale pa njala.

Tsiku lina mayi a m'nyumbamo, poona kuti wantchito wawo wadwala, anandikodola kuti ndiwalowetsere ndowa ya madzi, nandilamula kuti ndivule nsapato pakhomo, lamulo limene silinandivute konse popeza ndinalibe nsapatozo. M'kachipinda ka kuseri munali kamphako m'khoma, kosaposa zenera, ndipo m'menemo munali chithunzi cha mkazi wokhala pa duwa, ndalama zikugwa m'dzanja lake, pambali pake kafano ka munthu wa mutu wa njovu. Patsogolo pawo pankayaka kanyali ka m'kambale ka dothi, chingwe chake chopotedwa ndi zala kuchokera ku thonje lathu lomwe lija, mafuta ake a mkaka wa ng'ombe. Panali kabelu, mpunga pang'ono, maluwa ofiira, ndi utsi wa lubani umene unakanirira m'malaya anga kufikira madzulo. Maina awo, Lakshmi ndi Ganesh, ndinadzawadziwa nditamera kale ndevu.

Loweruka nditafika kumudzi, m'mbali mwa Rivirivi, ndinathamangira kwa agogo anga akazi ndi nzeru zonse za m'kalasi ya ubatizo. "Agogo, Amwenye aja amagwadira mafano!" Iwo, osaleka kupeta, anangofunsa chimene amaika patsogolo pa mafanowo, ndipo nditatchula mpunga ndi maluwa anati, "Ameneyo ndi kachisi, mdzukulu wanga. Usamaloze chala."

Agogowo ankadziwa chimene ankanena, pakuti kuseri kwa mudzi wathu, patsinde pa msolo waukulu, panali kachisi wathu ife, kanyumba ka udzu kofika m'chiuno, kumene mvula ikachedwa akuluakulu ankapita m'bandakucha ndi ufa ndi mowa m'chikho, nakhala pansi, naomba m'manja mwakachetechete, natchula makolo mmodzimmodzi kuti akatidandaulire kwa Chauta. Sanali Khulubvi wa Mbona ku Nsanje, kapena Msinja wa Makewana. Anali kachisi wa anthu osauka, amene chiswe chinkamudya chaka ndi chaka, ndipo chaka ndi chaka ankamangidwanso. Ndimadabwabe kuti omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, pofuna liwu loyenera nyumba ya Solomo ya mikungudza ndi golidi, anabwereka dzina la kanyumba ka udzu komweka, kamene alaliki ake anadzatiletsa kuyandikira.

Chikondwerero cha Amwenye aja cha Diwali chinkadza mu Okutobala kapena Novembala, nyengo imene chigwa cha Shire chimatentha ngati ng'anjo ndipo maso a mlimi aliyense ali kumwamba. Ankandandalika tinyali pakhonde ponse, natigawira ana zotsekemera zonona kwambiri, ndipo bwana mwini sitolo ankaika mabuku atsopano a malonda patsogolo pa Lakshmi asanalembemo kanthu. Bambo anga, amene dzina lawo silinkasowa m'buku la ngongole chifukwa cha ulusi ndi singano, ankati nawonso akupemphera usiku umenewo, kuti kanyali kena kagwere pa buku lakale.

Akulu anati mlendo ndi mame. Kuyambira 1970, chaka chimene njanji ya ku Nacala inatsegulidwa kuchokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde, boma la Kamuzu Banda linayamba kuchotsa Amwenye m'malo a malonda a kumidzi kuti masitolo akhale m'manja mwa eni dziko, ndipo pofika 1978 anali atasonkhanitsidwa m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Sindinama kuti tonse tinalira, pakuti panali ena amene anali atatopa ndi sikelo ndi malipiro ochepa. Komatu masitolo ambiri amene tinawalandira ndi nthungululu sanathe zaka zambiri ali ndi katundu, ndipo bambo anga anasenza makina awo kubwerera kumudzi. Tsiku limene banja la Chihindu lija linkanyamuka, katundu yense ali pa lole, mayi aja anakwera kutsogolo atafukata kabokosi kokulunga m'nsalu yofiira, osalola kuti wina aliyense akakhudze.

Nditakula ndinalowapo m'kachisi wa Ahindu ku Blantyre, nsapato nditazisiya panja tsopano, ndipo mkulu wina wa imvi anandifotokozera kuti ku India midzi yambiri ili ndi mulungu wakewake woiyang'anira, amene nthawi zina amangokhala mwala wopakidwa utoto patsinde pa mtengo. Ndinafuna kumuuza za msolo wathu, koma ndinachita manyazi. Pakuti iwo milungu yawo anainyamula naimangira nyumba ya simenti, pamene ife, agogo atatsikira kulichete, panalibe anatolanso udzu, ndipo mtengowo unathera m'uvuni wa makala amene anakagulitsidwa pa msewu wa ku Liwonde.

Sitolo ija ilipobe, malata ake adzimbiri. Chaka chatha ndinapempha mnyamata wogulitsamo kuti ndisuzumire kuchipinda cha kuseri, ndipo iye, atandiyang'ana ngati wokhometsa msonkho, anati, "Lowani, madala." Kamphako kaja amatchajiramo mafoni a anthu, asanu ndi awiri pa chingwe chimodzi, ndipo pamwamba pake, pansi pa laimu wopakidwa kangapo, mwaye ukuonekabe.