Ku Kafue, wailesi ya motoka yanu ikali kuganiza kuti ili ku Tokyo

Kuchoka mu Lusaka kufika ku Kafue ni makilomita pafupifupi 45, ndipo ngati wailesi siigwira, njira iyi imatalika maningi. Mukapita pa toll gate ya Shimabala, mumangomvera matraki amene apita ku Chirundu na ku Livingstone, na kashiii ka mu ma speaker.

Yang'anani ma taxi amene amazungulira ku Shikoswe, ku Estates na ku Zambia Compound. Ambiri ni ma Vitz, Corolla na Spacio ochokera ku Japan. Mkati muli screen yabwino, koma map ionetsa misewu ya ku Japan, na kamayi kakamba Chijapanizi kamene palibe amamva. Motoka ili pafupi na bridge ya Kafue, screen ikuti muli pakati pa nyanja!

Vuto la wailesi ni ili: ku Japan FM ya motoka zakale imayambira pa 76 nakusilira pa 90, pamene kuno ma station amafika mpaka pa 108. Ndiye chifukwa chake Hot FM pa 87.7 na Phoenix pa 89.5 zimagwira, koma Komboni Radio pa 94.9 mungaisakile mpaka mawa.

Ngati thumba ni lopyapyala, gulani band expander. Ni kabokosi kang'ono kamene amaika pa waya wa aerial kumbuyo kwa wailesi. Ma station amabwera, chabe nambala ya pa screen imanama, muzazolowera. Nyimbo za mu foni? Ka Bluetooth transmitter kolowetsa pa lighter kakwana, olo nthawi zina kamachita phokoso.

Amene ali nako pang'ono amachotsa zonse nakuika ya Android, ija ya double din yodzala mu mashopu a ku Kamwala. Apa ndiye anthu amagwa. Yotchipa kwambiri imakhala na RAM ya 1GB, ndipo Google Maps ikatseguka mwapita kale pa Turnpike. Funsani ya 2GB kupita pamwamba, muiyese mukali mu shopu. Map ya Lusaka na Kafue ikani mu makina muli pa Wi-Fi, kuti ma bundle asamathe mu njira.

Manje nkhani ya mawaya. Musalole auto electrician wa pansi pa mtengo adule mawaya a motoka nakumanga na tape. Pali plug yopangidwa kale ya Toyota, imangolowa. Waya wa yellow umatenga moto ku battery nthawi zonse, wa red umayaka mukatembenuza key. Akamanga onse awiri ku battery, wailesi siizima, ndipo m'mawa muzapempha anyamata a pa station kuti akukankheni.

Chinanso, bamudala: ma screen ena a ku Japan mukachotsa battery amafuna SD card yake kuti ayake. Pogula motoka funsani ngati card ilimo, chifukwa ikasowa na reverse camera yomwe imagona.