Koleji nayo ndi katundu, pisani dzanja musanalipire

Lachitatu lina madzulo mwana wanga mzime, mtsikana wa fomu 2, anafika pa benchi langa mumsika wa Limbe atanyamula kakalata kochokera kusukulu. Ati Loweruka kukhala chionetsero cha makoleji. Masukulu a ukachenjede ndi a ntchito zamanja adzayala matebulo m'holo ngati muja achitira amalonda pa Trade Fair ku Chichiri, kuti ana akafunse za maphunziro, ndipo kholo lofuna likhoza kupita nawo. Loweruka lakelo linali la kumapeto kwa mwezi. Inu anzanga a geni mukudziwa tanthauzo lake, ndi tsiku limene olandira malipiro amagula mpunga wa pa ndowa osati wa pa kambale. Koma ine ndinasiya nyemba ndi mtedza m'manja mwa mnzanga woyandikana naye, ndikuvala chitenje cha kutchalitchi, ulendo ku holo.

Ena mumzere mwathu anandiseka. "Inu mayi a nyemba, za ku yunivesite mukazimva? Kumenekotu n'chizungu chokhachokha." Zoona, ine sukulu ndinalekezera sitandade 7. Koma chimene chinandichotsa pa benchi tsiku la ndalama ndi bala limene ndili nalo, ndipo lekani ndikuonetseni.

Mchimwene wake wa mtsikanayu, chisamba changa, naye anapitako ku chionetsero chotere ali fomu 4, mayeso atatsala miyezi yowerengeka. Ndinam'patsa ya minibasi ndi ya chipisi, ine n'kutsala pa geni. Anabwera madzulo atavala kapusi yatsopano, m'chikwama muli zolembera zitatu, kalendala ndi mulu wa timapepala tonyezimira. Nditamufunsa kuti wamvako zotani anangoti, "Zinali bho amayi, kunali anthu." Basi. Tsiku lonse lathunthu phindu lake kapusi.

Mnyamatayu kuyambira ali wamng'ono ankamasula mawailesi a anthu, ndipo pakamwa pake panali mawu amodzi, ati adzakhala injiniya wa zamagetsi. Chimene tonse sitinadziwe n'choti khomo limenelo anali atalitseka yekha ali fomu 3, pamene anasiya phunziro la sayansi potsatira anzake amene ankati ndi lovuta. Mayeso anakhoza ndithu, koma maina a osankhidwa atatuluka lake panalibe. Ndiye tinafukula timapepala tija. Kamodzi kanali ndi chithunzi cha nyumba yosanja ndi achinyamata ovala mikanjo yakuda akumwetulira. Tinasankha kameneko.

Zaka ziwiri ndinalipira fizi. Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde, ndinadya chipereganyu changa chisanapse, ndipo chaka china sindinaode n'komwe kilombero wa ku Karonga chifukwa mpamba unapita kusukulu. Mwana atamaliza n'kuyamba kuyenda ndi envulopu m'maofesi, anamuuza kuti kosi imene anachita si yovomerezeka, pepala lakelo saliwerengera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dzina la kolejiyo sinditchula, chifukwa wolakwa woyamba ndine. Ine amene sindigula thumba la nyemba ndisanapise dzanja mpaka pansi kuti ndione ngati anankafumbwe sanalowemo, ndinagula maphunziro a mwana pongoona chithunzi.

N'chifukwa chake ulendo uno tinayamba kukonzeka Lachisanu usiku. Ndinauza mtsikana kuti atenge kope. "Lemba ntchito zitatu zimene ukuzifuna, osati imodzi." Analemba unamwino, za mankhwala ndi za ulimi. Kenaka tinalemba mafunso asanu oti akafunse pa tebulo lililonse. Loyamba, kosi imeneyi imafuna maphunziro ati a MSCE ndipo pa giredi yanji? Lachiwiri, kodi kolejiyi ndi kosi yakeyo n'zovomerezeka, ndipo anavomereza ndani? Lachitatu, ndalama zonse pamodzi ndi zingati, kuphatikiza malo ogona, chakudya ndi mayeso? Lachinayi, amene anamaliza kosi imeneyi akugwira ntchito kuti? Lachisanu, mafomu amatuluka liti ndipo amatseka liti? Ndinamuuza kuti yankho lililonse alembe pomwepo, chifukwa mutu si kope.

Naye anandiphunzitsa za mapointi, zimene nthawi ya mchimwene wake ndinkangomva ngati nyimbo. A MANEB amapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndiko kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 n'kungodutsa, 9 ndiye wagwa. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino, ndipo apa zimasiyana ndi geni chifukwa wochepetsa ndiye wopambana, wa mapointi 6 ndiye katswiri. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. Komatu zimenezi zimangom'patsa malo pamzere, pakuti ofuna ndi ambiri kuposa mipando.

Tinafika m'mawa holo isanadzaze. Posakhalitsa ana anakhamukira, ndipo ndinaona chimene chinachitikira mwana wanga uja. Gulu lonse linaunjikana pa tebulo limene panali chimkuzamawu ndi masiwiti. Mwana amatambasula dzanja, kulandira kapepala, kuponya m'chikwama osawerenga, ulendo pa tebulo lina. Atsikana ena amangojambulana pa foni kutsogolo kwa zikwangwani. Anthu amene anabwera kudzayankha mafunso ena anali atagwira tsaya, opanda wowafunsa.

Choyamba chimene chinandizunguza ndi maina. Ine ndinkafunafuna tebulo la Poly, osalipeza. Mtsikana anandikoka chitenje. "Amayi, ndi apa palembedwa MUBAS." Kuyambira mu 2021 Polytechnic ya ku Chichiri inakhala yunivesite payokha, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza kukhala KUHeS, ndipo dzina loti University of Malawi linatsalira Chancellor College ya ku Zomba. Bunda inachoka kale, ili pansi pa LUANAR. Kuli Mzuzu University kumpoto imene inayamba kuphunzitsa mu 1999, ndi MUST ya ku Thyolo imene inalandira ophunzira oyamba mu 2014. Zonse pamodzi mayunivesite a boma ndi asanu ndi imodzi, ndipo mwana safunsira malo khomo ndi khomo, mafomu ake amadzera ku bungwe la NCHE. Kholo lofuna kuthandiza mwana liyambe ladziwa maina amenewa.

Pa tebulo la za chipatala mtsikana wanga anachita manyazi, mawu kukana kutuluka. Ndinam'tsina pang'ono. Anatsegula kope n'kuwerenga funso loyamba. Mayi amene anali pamenepo anamufunsa kalasi, ndipo atamva kuti fomu 2 anasangalala. "Iwe ndiye wabwera nthawi yabwino. Ambiri amabwera ali fomu 4, atasiya kale maphunziro amene ife timafuna." Anamuuza kuti za chipatala zimayenda ndi Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, ndipo wosiya limodzi mwa amenewa amadzitsekera makosi angapo nthawi imodzi. Mwana anandiyang'ana. Kunyumba anali atanena kale kuti akafika fomu 3 Physics amusiya, ati anzake onse akusiya. Mtima wanga unagunda, chifukwa dzenje lake linali lomwe lija anagweramo mchimwene wake. M'mera m'poyamba, abale.

Mayiwo anatiuzanso kuti unamwino suphunzitsidwa ku yunivesite kokha. Kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a zipatala za mishoni a pansi pa CHAM. Koma kulikonse kumene mwana angapite, afunse ngati bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi limaizindikira sukuluyo, chifukwa popanda kulembedwa m'kaundula wawo palibe kugwira ntchito ya unamwino.

Pa tebulo lina, la koleji ina yoima payokha, panali bambo wa tayi wolankhula mokoma ngati wogulitsa mankhwala m'basi. Mtsikana atafika pa funso lachiwiri, bamboyo anatembenukira kwa ine. "Mayi, musadandaule, ife ndife olembetsedwa." Ndinati, "Bambo, mwanayu wafunsa za kosi imene mwamuonetsayi, kodi a NCHE anaivomereza?" Anakonza tayi. "Zimenezo zili m'manja mwa akuluakulu, mapepala atuluka posachedwa. Koma akalembetsa lero fomu timupatsa yaulere." Ndinawazindikira mawu amenewo. Ndi omwe aja amanena wobweretsa thumba pamene sakufuna kuti upise dzanja, ati zapansizo n'chimodzimodzi mayi, fulumirani ena akufuna. Ndinati zikomo bambo, mapepalawo akatuluka tidzabwera.

Mvetsetsani apa anzanga. NCHE inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndipo imasindikiza mndandanda wa makoleji ndi makosi ovomerezeka. Koleji kukhala yolembetsedwa ndi nkhani ina, kosi yake kuvomerezedwa ndi nkhani inanso. Makoleji oima paokha abwino alipo ndithu, ndipo pa matebulo ena atafunsidwa funso lomwelo anatulutsa umboni osanyinyirika. Wa katundu wabwino sakwiya ukamatsegula thumba.

Funso la ndalama nalo linavundukula zambiri. Pali makosi ena amene mayeso ake amachokera ku mabungwe a ku Britain, ndipo ndalama ya mayeso imawerengedwa m'mapaundi. Ife amene tinaona mitengo ikudumpha kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tikudziwa chimene chimachitikira ngongole yotere. Pa kapepala amalemba fizi yokha, zamayesozo umazimva mwana ali kale m'kati. Tinafunsanso za ngongole ya boma ya ophunzira, imene imaperekedwa ndi bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board lokhazikitsidwa mu 2015. Mwana amachita kufunsira payekha atasankhidwa, si onse ofunsa amene amalandira, ndipo ndi ngongole, idzabwezedwa.

Nzeru ina ndinaitola pomwepo. Pa matebulo ambiri pamakhala bwana ndi ophunzira awiri kapena atatu omuthandiza. Bwana amakuuza za pa pepala, wophunzira amakuuza za m'mimba. Ndinatuma mtsikana wanga kuti acheze ndi mtsikana wina wa chaka chachitatu. Uyo ndiye anamuuza kuti malo ogona pasukulu sakwanira, ambiri amachita lendi kunja, a ku Zomba ku Chikanda, a ku Mzuzu ku Luwinga, ndipo lendi ndi chakudya ndi zimene zimaliza makolo mwezi ndi mwezi. Zimenezi pa kapepala konyezimira simungazipeze.

Pomaliza tinapita kumapeto kwa holo kumene ana samafikako, pa tebulo la ntchito zamanja. Mtsikana anakwinya nkhope, ati zimenezo n'za olephera. Ndinamufunsa kuti amene anatiikira mawaya a magetsi m'nyumba tinam'lipira zingati pa masiku awiri, ndipo anakhala chete. Kuli makoleji monga Soche konkuno, Nasawa ku Zomba, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo maphunziro ake amayang'aniridwa ndi TEVETA imene inayamba mu 1999. Amaphunzitsa zamagetsi, zamapaipi, ukalipentala, zomangamanga, kuwotcherera ndi umakaniko. Nditamva zamagetsi miyendo inalefuka. Soche ili pafupi ndi msika umene ndakhalamo zaka zonsezi, ndipo mwana wanga womasula mawailesi uja ndinamudutsitsa pamenepo kukam'gulira pepala lopanda ntchito. Safunsa anadya phula. Ndinapempha kapepala kamodzi n'kukamanga pa mfundo ya chitenje.

Usiku tinayala timapepala tonse pamphasa n'kutigawa patatu, tofunika, tokayikitsa ndi toyatsira mbaula. Tofunika tinatsala tinayi, ndipo masiku otsekera mafomu tinawalemba pa kalendala ya pakhoma. Lolemba mtsikana anapita yekha kwa aphunzitsi ake kukanena kuti Physics ndi Chemistry sasiya. Ngati adzasankhidwe sindikudziwa, mayeso adzalemba ndi iye. Koma akadzalephera sichidzakhala chifukwa choti palibe anamuuza.

Mchimwene wake pano amapalasa kabaza. Atabwera kudzadya ndinamasula mfundo ija n'kum'patsa kapepala ka zamagetsi. Anakawerenga kawiri osanena kanthu, n'kukapinda bwinobwino, kuika m'thumba la malaya. Sindinamufunse. Ndikudikira.

Loweruka limenelo mnzanga anandigulitsira theka la zimene ndikanagulitsa ndekha, ndipo sindikudandaula. Tsono inu anzanga a tomato, a kaunjika, a usipa ndi a hadiweya, ana athu kusukulu amaphunzira zambiri koma kugula sanaphunzire, amaona ngati wa tayi akuwachitira chifundo powalankhula. Auzeni kuti pa chionetsero wogula ndi iwo, ndipo ndalama yake ndi thukuta lanu. Apite akadali fomu 2 kapena fomu 3, atenge kope, afunse mpaka amve. Chizungu chisakuopseni, anthu a pa matebulowo ndi ana a kwathu konkuno, mukawayamba m'Chichewa amayankha m'Chichewa. Kakalata kotere kakafika pa benchi lanu nyamukani mupite naye mwanayo. Ngati mulibe wom'siyira katundu, ndili mumzere wa nyemba, bwerani mudzandiuze ndikuyang'anirani.