Britain wa m'mafilimu sanakhalenso mmodzi

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tinkamudziwa Britain wa mtundu umodzi. Wailesi ya kanema ya dziko lathu la Malawi inadzayamba mochedwa, mu 1999, ndiye zimene tinkaonera zinali za pa matepi, m'tinyumba ta vidiyo ta kumsika momwe tinkakhala mothithikana pa mabenchi. Filimu ya ku Britain ikapezeka pakati pa zakarate ndi za Rambo, inkakhala ya James Bond: mzungu wovala suti, galimoto yothamanga, mfuti m'thumba. Ikapanda imeneyo, inali ya mafumu ndi mabwana a m'nyumba zikuluzikulu, antchito atapinda manja kumbuyo. Munthu wakuda akaonekamo, ankakhala wonyamula katundu kapena wofa msanga.

Pamene ife tinkaonera zimenezo, ku Britain komweko zinthu zinali zitayamba kale kugwedezeka. Horace Ové, mbadwa ya ku Trinidad, anali atatulutsa Pressure mu 1976, nkhani ya mnyamata wakuda wobadwira ku London amene akusowa ntchito ngakhale sukulu anakhoza. Mu 1982 kunabwera wailesi ya kanema ya Channel 4, ndipo inayamba kuika ndalama m'mafilimu aang'ono amene makampani akuluakulu sakanawayang'ana n'komwe. Kumeneko n'kumene kunachokera My Beautiful Laundrette ya mu 1985, yolembedwa ndi Hanif Kureishi, yofotokoza za banja lochokera ku Pakistan ndi malo ochapira zovala kum'mwera kwa London. Chaka chotsatira John Akomfrah ndi anzake anapanga Handsworth Songs, yonena za zipolowe za ku Birmingham. Mafilimu amenewa sanafike pa benchi lathu lija. Ndinadzawapeza nditakula, nditasamukira ku England kukagwira ntchito, m'laibulale ya tauni momwe munthu ankabwereka ma DVD ndi khadi lomwelo lobwerekera mabuku.

Kusintha kumeneku sikunabwere chifukwa chakuti mitima ya anthu inangofewa tsiku lina m'mawa. Kunayenda ndi ndalama. Lotale ya dziko lonse itayamba mu 1994, gawo la ndalama za matikiti linayamba kupita ku ntchito yopanga mafilimu. Kuyambira 2000 ndalamazi ankagawa ndi a UK Film Council, ndipo bungweli litathetsedwa mu 2011 udindowo unapita ku bungwe lina la mafilimu, la BFI. Patapita nthawi a BFI anakhazikitsa lamulo loti wofuna thandizo lawo aonetse kuti ndani akuoneka m'filimu yake, ndiponso ndani akugwira kamera ndi kulemba nkhaniyo. Mayi amene amagula tikiti ya lotale pa shopu ya pakona Loweruka madzulo mwina sadziwa kuti ndi mmodzi mwa olipirira zonsezi.

Zipatso za kusintha konseku ndaziona chaka ndi chaka. Gurinder Chadha anayamba ndi Bhaji on the Beach mu 1993, amayi achimwenye ali pa ulendo wopita ku Blackpool, kenako Bend It Like Beckham mu 2002. The Full Monty inatitengera ku Sheffield kwa amuna amene mafakitale a zitsulo anawataya. Ken Loach, yemwe anayamba kalekale kujambula anthu wamba, anapambana mphoto yaikulu ku Cannes mu 2016 ndi I, Daniel Blake, kalipentala wa ku Newcastle amene akuzunguliridwa ndi mafomu a boma mtima wake ukudwala. His House ya Remi Weekes mu 2020 inasandutsa nyumba yopatsidwa kwa othawa nkhondo a ku South Sudan kukhala malo a mizukwa. Ndipo Rye Lane ya Raine Allen-Miller mu 2023 inachita chinthu chimene ndinkachilakalaka kwa zaka zambiri: mnyamata ndi mtsikana akuda akungoyenda m'misewu ya Peckham ndi Brixton, akucheza, akuseka, akukondana, popanda wapolisi kapena mpeni. Munthu amatopa kudziona pa kanema ngati vuto basi.

Makatuni anayenda njira yawoyawo, ndipo ndinawadziwa chifukwa cha ana anga. Ku Bristol kuli situdiyo ya Aardman, imene Peter Lord ndi David Sproxton anayambitsa, komwe amaumba tizidole, kukajambula, kukasuntha pang'ono, n'kujambulanso, kambirimbiri kuti papezeke sekondi imodzi yokha. Ukayang'anitsitsa pamphumi pa Gromit, galu wa Wallace wa m'makatuni awo, umaona zidindo za zala za woumba. Zimandikumbutsa mbiya za agogo, zimene ukazigwira umadziwa pamene chala chawo chinadutsa. Koma imene inandigwira mtima ndi Creature Comforts ya Nick Park ya mu 1989, ya mphindi zisanu zokha, imene inapambana Oscar. Anatenga mawu enieni a anthu wamba, ena a m'nyumba zosungira okalamba, n'kuwaika m'kamwa mwa nyama za kumalo osungira nyama. M'menemo muli chilombo chonga kambuku, chagona pa nthambi, chikulankhula ndi mawu a wophunzira wa ku Brazil, chikudandaula za kuzizira, za chakudya ndi za kuchepa kwa malo. Ana ankaseka mmene chikupindira mlomo. Ine ndinkamva mnzanga wobwera, ali m'kachipinda kalendi mwezi wa January.

Makatuni a ku Britain akhala olimba mtima pa nkhani za akuluakulu. When the Wind Blows ya mu 1986 imaonetsa nkhalamba ziwiri zikutsatira mokhulupirika malangizo a boma bomba la nyukiliya litaphulika, mpaka kufooka. Joanna Quinn wakhala akujambula ndi pensulo mayi wina dzina lake Beryl, wa pafakitale ku Wales, kuyambira 1987. Komabe pa nkhani ya khungu ndi zilankhulo, makatuni atsalira. Nkhosa, nkhuku ndi agalu zilipo zambiri, koma mwana wochokera ku Africa amene ali mwini nkhani m'katuni yaitali ya ku Britain ndi wosowa.

Tsopano kusinthaku kunafika mpaka pakhomo pathu. Mu 2017 Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, anatulutsa I Am Not a Witch, nkhani ya kamtsikana Shula konamiziridwa ufiti, komangidwa ndi nsalu yaitali yoyera kuti kasauluke. M'filimuyo mumamveka Chinyanja, ndipo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Kenako mu 2019 Chiwetel Ejiofor anabweretsa The Boy Who Harnessed the Wind, mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo otulutsa magetsi atasiya sukulu m'nthawi ya njala. Inajambulidwa ku Malawi, mbali yaikulu m'Chichewa, ndipo dziko la Britain linaisankha kuti ikaliimire ku mpikisano wa Oscar wa mafilimu a zilankhulo zina.

Tinaionera pamodzi Amalawi angapo m'chipinda chochezera, nsima ili pamoto. Osewera akunja amene anaphunzira Chichewa chifukwa cha filimuyi akayankhula, panali kugwedezana zigongono.

"Koma achimwene, Chichewa chimenechi ndi cha boma liti?" anafunsa mayi wina, tonse n'kufa nazo.

Wosewera wa ku Malawi Lily Banda atatsegula pakamwa, wina anaomba m'manja: "Eya, wathu uyo!" Koma itafika pa njala, anthu akulimbirana chimanga, kuseka kunatha. Ambiri m'chipindamo chaka cha 2002 anali kumudzi, ndipo ankadziwa zimene zikubwera zisanaoneke.

Ndimayamika kuti ndakhala ndi moyo mpaka kumva chilankhulo changa m'filimu yoimira Britain. Koma sindiiwala kuti chilolezo choti nkhani ya ku Wimbe ijambulidwe, ndalama zake ndi phindu lake, zonse zinali m'manja mwa maofesi a kunja. Phunziro limene ndikutenga kwa anzathu a ku Britain ndi lakuti nkhani zosiyanasiyana zimamera pamene dziko laika padera thumba loti anthu ake osamveka agwire okha kamera. Iwo zinawatengera zaka zoposa makumi anayi kuchokera pa Pressure kufika pa Rye Lane. Kwathu kuli anthu onga Shemu Joyah, amene anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat movutikira, ndi achinyamata ambiri amene akujambula ndi mafoni ku Ndirande ndi ku Kawale. Nkhani ali nazo kale, ndipo Chichewa chawo palibe angachiseke. Chimene chikusowa ndi thumba lija.